Tsache la Lachisanu

Ntchito yanga ndi yosaoneka, ndipo anthu a pa koleji pathu kuno ku Zaria amaikonda ikakhala choncho. Makompyuta akamayenda bwino amati Tanimu amalandira malipiro omwera tiyi m'chipinda chozizira. Akangoima mphindi zisanu, dzina langa limamveka mpaka kugeti, ndipo silitchulidwa mwaulemu. Ndasamala maseva a pano, makompyuta akuluakulu osunga ntchito za anthu onse, zaka khumi ndi chimodzi, ndekhandekha.

Munthu mmodzi sangatsegule maakaunti a ophunzira zikwi zitatu ndi zala khumi, n'chifukwa chake ndimalemba masikiripiti. Sikiripiti ndi timalamulo tingapo tomwe umalembera makina kamodzi, basi iwo azichita okha nthawi ikakwana, osatopa, osafunsa. Ndili nawo oposa makumi anayi. Ina imatsegula maakaunti, ina imazimitsa maseva bwinobwino magetsi akathima jenereta n'kukana kulira, ina imatumiza mafayilo a anthu onse ku makina osungira tsiku ndi tsiku. Ndinkawanyadira, ndisaname. Ndinkauza anzanga kuti ndili ndi antchito makumi anayi osapempha tchuthi.

Imodzi ndinaitcha Tsache. Zaka zitatu zapitazo disiki ya seva yaikulu inadzaza, ndiye ndinapita kwa mkulu wa dipatimenti yathu, Injiniya Nasidi. Ameneyu ndi mlamu wake wa mwini koleji, munthu woti digiri yake palibe anaionapo koma chikwangwani cha pachitseko chake umachiwerenga uli kumsewu.

"Abwana, disiki yadzaza. Tigule ina."

"Yadzaza ndi chiyani?"

"Ndi ntchito za anthu."

"Anthu ake ati? Theka la anthu amenewo anachoka kalekale. Nyumba ikadzaza zinyalala sumanga chipinda china, Tanimu, umasesa. Si iwe katswiri wa timalemba tako tija? Lemba kena kosesa."

Mwezi womwewo anagula makatani atsopano ndi firiji ya mu ofesi mwake. Ine ndinabwerera kuchipinda kwanga ndikutukwana chamumtima, n'kulemba mizere khumi ndi inayi. Akaunti iliyonse yomwe mwini wake sanalowemo masiku 90, Tsache lizifufuta pamodzi ndi mafayilo ake onse. Ndinalitchera kuti lizigwira ntchito Lachisanu masana, anthu tonse tili kumzikiti, makina ali phee. Nambala ya 90 sindinaiganizire n'komwe. Ndi yomwe amalemba anzathu a ntchitoyi kulikonse, ndiye ndinangoivala monga munthu amavalira mapatapata a mnzake potuluka mumzikiti. Disiki inapuma, Nasidi n'kukauza mlamu wake kuti wapulumutsa koleji.

A Malam Lawandi ankaphunzitsa za matenda a ziweto. Anali munthu wamtali, wosafulumira, wokonda kuyamba kuseka yekha nthabwala asanaimalize. Kwa zaka khumi ndi zinayi, tchuthi chilichonse, ankapita kumisasa ya abusa a ng'ombe ndi kachipangizo kojambulira mawu, kukafunsa nkhalamba za mizu ndi makungwa omwe amachizira ziweto. Akazi awo, a Hajiya Dija, ndi mwana wa m'busa, ndiye ndi iwo ankamvetsera zojambulazo n'kumamasulira Chifulani, amuna awo akulemba. Buku linali litatsala pang'ono kutha. Mwa nkhalamba zomwe anajambulazo munali bambo awo a Hajiya, omwe anatisiya kale.

Chaka chatha a Malam anabwera kuchipinda kwanga ndi kadisiki kokulungidwa m'nsalu. Kanali katayamba kulira kuti tiki tiki ngati wotchi.

"Tanimu, kamwana aka kakudwala. Iwe ndiwe dokotala wa ziweto zamtundu uwu."

"Kakufa aka, a Malam. Tiyeni tisamutse zonse tiike pa seva. Pano ndi pabwino kuposa kubanki, tsiku lililonse zimakoperedwa kwina."

"Walumbira?"

"Ndalumbira."

Tinasamutsa zonse. Patangopita sabata kadisiki kaja kanafadi, a Malam n'kundibweretsera botolo la uchi ngati zikomo. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali malo awiri, pa seva yanga ndi mu laputopu yawo.

Anamwalira pa ngozi ya basi mumsewu wa ku Kaduna, laputopu ili pamiyendo pawo. Inaphwanyika yonse. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinanyamula nawo maliro, ndinathira nawo dothi, masiku atatu opepesa ndinakhala nawo pamphasa. Ndipo m'masiku onsewo sindinakumbuke ngakhale kamodzi kuti m'chipinda changa muli chinthu chomwe chayamba kuwawerengera masiku.

Lolemba lililonse m'mawa ndimawerenga lipoti la Tsache ndikumwa tiyi. Nthawi zambiri mumakhala mayina a ophunzira othawa sukulu, sindiwayang'ana kawiri. Lolemba lina, patatha miyezi itatu chimwalirire a Malam, mzere wachitatu unali ndi dzina la a Malam Lawandi, ndipo pambali pake panali mawu omwe ndinalemba ndekha akuti YASESEDWA.

Tiyi ananditayikira pamwendo koma sindinamve kutentha. Ndinayesa kubweza mafayilowo ndi nzeru zonse zomwe ndili nazo. Tsoka silinunkha, Loweruka ndi Lamulungu anali masiku olembetsa ophunzira atsopano, ndiye malo omwe munali mawu a nkhalamba zija munali mutadzaza kale zithunzi za ana a eni akumwetulira.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi, makina osungira. Amenewa amasunga zofufutidwa kwa sabata imodzi, kenako Lachisanu lotsatira masana amazitaya nawonso kuti afanane ndi seva. Ndinali ndi masiku anayi. Vuto linali loti makinawo sanalinso m'chipinda changa. Chaka china Nasidi anabwera kusemina atamva zoti munthu mmodzi asamasunge makiyi onse, ndiye anaitana anthu akunja, anasamutsira makinawo mu ofesi mwake, m'kabati yachitsulo ya loko, n'kusintha pasiwedi. Anawatchera kuti azingolandira mafayilo, koma ndikawaitana kuchokera pa desiki yanga asamayankhe. Ine ndinkangodalira lipoti la sikiripiti yanga yotumiza, lomwe m'mawa uliwonse linkati ZATHEKA.

Ndinathamangira ku ofesi yake. Ndinapeza sekilitale wake, mayi Laraba, akudya zitumbuwa za nyemba pa nyuzipepala.

"Abwana ali kuti?"

"Ku Abuja, kusemina. Abwera Lolemba la mawa. Watani iwe, maso ofiira ngati wadya tsabola?"

Ndinawauza. Anasiya kutafuna.

"Mayo ine! A Hajiya Dija anaimbatu foni. Patangotha masabata atatu chimwalirire a Malam."

"Anaimba? Anati chiyani?"

"Anapempha mafayilo a amuna awo. Abwana anati lamulo ndi loti mkazi wa malemu abwere yekha adzasaine pepala. Iwo anati ali mu takaba, bola atumize mchimwene wawo. Abwana anati ayi, dzanja la mlamu si dzanja la mkazi."

"Nanga ine bwanji sanandiuze?"

"Ukufunsa ine? Ine pano ndine cholembera chabe, mwana wanga."

Takaba ndani saidziwa? Mayi ake a Nasidi yemweyo anaikhala bambo ake atamwalira, ndipo tonse tinapita kukawaona. Mkazi wamasiye satuluka pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. Tsache langa limadikira miyezi itatu. Munthu uyu anauza mayi wamasiye kuti abwere yekha, akudziwa kuti sangabwere, n'kuika foni pansi, n'kupitiriza kumwa zozizira zake osandiuza ine liwu limodzi. Akanangoti, "Tanimu, akaunti ya malemu ija usaikhudze," ndikanawonjezera mzere umodzi basi.

Nasidi ndinamuimbira kasanu ndi kanayi tsiku limenelo, osayankha. Anayankha Lachiwiri masana.

"Tanimu, ndili pamsonkhano."

"Ndikumva mbale zikulira, abwana. Ndikufuna pasiwedi ya makina osungira ndi kiyi wa kabati."

"Kuti utani nazo?"

"Mafayilo a Malam Lawandi afufutidwa. Atsala m'makina amenewo mpaka Lachisanu masana. Akadutsa pamenepo, basi."

"Wafufuta ndani?"

"Tsache lomwe munandiuza kuti ndilembe."

"Aaa, usandiike m'kamwa. Ine sindinanene kuti uzisesa anthu akufa."

"Chabwino, tidzakangana mukabwera. Panopa ndipatseni pasiwedi."

"Pafoni? Ukudziwa zomwe tikuphunzira kuno? Tikuphunzira zomwezo, kuti pasiwedi sanenera pafoni. Lemba memo, ndidzaiona Lolemba."

"Lolemba kudzakhala kulibe kanthu! Mukundimva koma? Zaka khumi ndi zinayi za munthu!"

"Usandikweze mawu, iwe. Kiyi ali m'thumba mwanga muno ndipo akhala momwemo. Ukakhudza kabati imene ija, udzaona chomwe chinameta nkhanga mpala."

Anadula. Ndinayang'ana foniyo ndikufuna kuiponya kukhoma, koma ndinakumbuka kuti ndi yanga.

Memo ndinailemba, ndinazungulira nayo maofesi onse akuluakulu. Wina anati nkhaniyo ndi ya dipatimenti ya Injiniya, wina anati ndibwere mawa, wina anaiwerenga mpaka pansi, anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti a Malam anali munthu wabwino kwambiri, kenako n'kundibwezera pepala langa osasaina. Onsewa anali kumaliro kuja, ena analira mokweza kuposa abale. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, palibe ankafuna kuti mwini koleji amve zoti wadutsa mlamu wake.

Lachitatu masana foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali a Hajiya Dija. Mayi Laraba ndi omwe anawapatsa nambala yanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino.

"Ndinu a Tanimu? Amuna anga ankakutchulani. Ankati ndinu munthu yekhayo pa koleji amene mukati chinthu chili apa, chimakhala pomwepo."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Ndamva kuti pali kavuto ndi mafayilo awo. Musandibisire. Alipo kapena palibe?"

"Pa seva achoka, Hajiya. Koma pali makina ena omwe amasunga kope. Kumeneko alipo."

"Mwawaona ndi maso anu?"

"Lipoti likunena choncho. Tsiku lililonse limanena choncho."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbali kwawo.

"Buku ndilimaliza ine, machaputala awiri otsalawo ndimawadziwa. Koma si buku lokha. Muli mawu a bambo anga mmenemo, akufotokoza mankhwala a ng'ombe yotupa mimba. Ndipo musanamve bambo anga mumayamba kumva amuna anga akukhosomola, chifukwa sankafunsa funso asanakhosomole. Ndinkawaseka nazo. M'nyumba muno mwangoti zii, a Tanimu. Ndikuwerenga masiku kuti ndidzamve kukhosomola kumene kuja."

"Mudzakumva, Hajiya."

Ndinanena choncho ndi pakamwa panga, kachiwiri, kwa munthu wachiwiri wa banja lomwelo.

Lachinayi ndinamuimbiranso Nasidi tsiku lonse. Foni inali yozimitsa. Lachisanu m'mawa ndinadzuka ndi mtima umodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kwa makaniko wa jenereta, ndinabwereka nyundo ndi chitsulo chochotsera matayala, osamuuza kuti n'za chiyani. Mayi Laraba atandiona nazo anaimirira, anatenga kachikwama kawo, n'kuika kiyi wa chitseko cha abwana pa tebulo.

"Ine ndikukagula zitumbuwa. Ndipo mzere wake lero ndi wautali kwambiri. Kiyi uyu ndamuiwala, wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Ntchito ikutheratu apa, Tanimu. Uli ndi ana atatu."

"Ndikudziwa."

Mu ofesi ya Nasidi munkanunkhira mafuta onunkhira ndi kapeti yatsopano. Kabati inali pakona, pambali pa firiji. Loko anali wamkulu koma wachabechabe, ngati mwini wake. Ndinamumenya katatu, kachinayi anagwa. Nthawi inali isanakwane teni koloko m'mawa, ndinali ndi maola okwanira kuzula disiki n'kupita nayo kuchipinda kwanga.

Nditatsegula chitseko cha kabati, chinthu choyamba chomwe ndinazindikira ndi bata. Makina amoyo amalira, amapuma mpweya wotentha, timagetsi tawo timaphethira. Awa anali zii. Ndinawagwira pamwamba, anali ozizira, chala changa chinasiya mzere pafumbi. Ndinagwada, ndinatsata chingwe chawo kuseri kwa kabati. Pulagi yake inali pansi, akangaude atamangapo nyumba. Pakhoma panali soketi imodzi yokha, ndipo mmenemo munali pulagi ya firiji.

Ndinatsegula firijiyo, sindikudziwa chifukwa chake. Munali mabotolo asanu ndi limodzi a madzi a chidede ndi theka la chivwende.

Ndinazula firiji, ndinalumikiza makina. Anadzuka mwaulesi. Ndinatulutsa disiki, ndinathamanga nayo kuchipinda kwanga, ndinaitsegula. Kope lomaliza linali la chaka ndi miyezi isanu yapitayo, nyengo yotentha ija anthu akunja atangochoka. A Malam anabweretsa kadisiki kawo miyezi isanu pambuyo pake. Ndinafufuza dzina lawo katatu. Munali makalata ochepa akale ndi ndandanda ya mayeso. Buku munalibe, mawu a nkhalamba munalibe. Mafayilo awo sanafikeko kumakina amenewo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinakuwa ndekha m'chipindamo. Mawu omwe ndinanena sindingawalembe, ndipo linali Lachisanu. Ndinatenga foni, ulendo uno Nasidi anayankha msanga, mwina mlonda anali atamuuza kale za nyundo.

"Wathyola kabati yanga?"

"Firiji! Munazula makina osungira ntchito ya koleji yonse kuti muziziziritsa chidede! Chaka ndi miyezi isanu!"

"Iwe, lankhula bwino."

"Ndilankhule bwino? Munatenga makiyi onse kuti muziti ndinu akuluakulu, chosecho simudziwa n'komwe kuti makina amadya magetsi! Mayi uja munamuuza kuti abwere yekha, ali mu takaba! Mulibe manyazi? Mayi anu atakhala takaba, wina akanawauza kuti atuluke akasaine pepala mukanamva bwanji?"

"Mayi anga usawatchule."

"Ndiwatchula! Mundichotse ntchito ngati mukufuna, koma ndiwatchula!"

Anandisiya ndilalate mpaka mpweya unandithera. Kenako anayankhula motsitsa, ngati munthu woti wapeza pogwira.

"Wamaliza? Tsopano ndikufunse. Mwezi uliwonse umandipatsa pepala lonena kuti mafayilo akusungidwa bwino. Ndili nawo onse, ali ndi siginecha yako pansi. Ngati makina anali ozima, pepala lako linkanena chiyani? Ine ndinazula pulagi tsiku limodzi, mwangozi. Iwe wakhala ukunama chaka ndi miyezi isanu."

Ndinadula foni ndine. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti funso lanzeru loyamba pa moyo wake wonse analifunsa kwa ine.

Ndinatsegula sikiripiti yanga yotumiza mafayilo. Ndinali ndisanaiwerenge zaka zinayi, chifukwa chinthu choyenda bwino umachiwerengeranji. Inali yaifupi. Mzere wina umatumiza mafayilo. Kumapeto kwa mzere umenewo kunali timalemba tochepa tomwe ndinawonjezera ndekha chaka china cha mavuto a magetsi, pamene madandaulo a makina ankandidzazira imelo tsiku lililonse mpaka kunditopetsa. Timalemba timeneto timauza makina kuti dandaulo lililonse azilitaya kudzala, ndisalione. Mzere womaliza umalemba kuti ZATHEKA. Sufunsa ngati zathekadi. Umangolemba, chifukwa ndi mmene ndinaulembera, tsiku lina ndikufulumira kukadya.

M'mawa uliwonse makina ankayesa kutumiza, ankalephera, ankadandaula, dandaulo n'kupita kudzala, ine n'kumawerenga ZATHEKA ndikumwa tiyi. Ndinkadziwerengera ndekha bodza langa lomwe. Sabata yonse ndinkayenda m'makonde a koleji ndikutukwana Nasidi, ndipo ndimutukwanabe, chifukwa ndi chitsiru ndipo adzafa ali chitsiru. Koma iye sanalumbire kwa a Malam.

Nthawi ya mapemphero itayandikira ndinazimitsa Tsache, ngakhale linali litamaliza kale ntchito yake. Ndinapita kumzikiti, koma zomwe ananena mlaliki sindinamve. Titatuluka sindinabwerere ku koleji. Ndinakwera njinga yamoto kupita kunyumba ya a Malam.

Anandilandira mchimwene wawo wa a Hajiya, a Buba, mkulu wowonda wa ndodo ya ubusa. Anandiyalira mphasa pakhonde, pafupi ndi chitseko chomwe panali katani yoyera. A Hajiya anakhala kuseri kwa kataniyo. Ndinkangoona mapazi awo. Tinapatsana moni wonse, wa pakhomo, wa ana, wa kutopa, ine ndikuutalikitsa dala. Iwo ndi omwe anaudula.

"Munthu wobweretsa nkhani yabwino salonjera chonchi. Nenani."

Ndinanena. Sindinabise kanthu, ngakhale za firiji. A Buba anagwira pakamwa. Kuseri kwa katani mapazi aja sanasunthe.

"Anafufuta ndani?" anafunsa a Hajiya.

Yankho losavuta linali pamlomo, loti ndi makina. Anthu a ntchito yanga timalikonda yankho limenelo.

"Ndine, Hajiya. Ndinalemba lamulo loti munthu akapanda kulowa miyezi itatu, zake zifufutidwe."

"Miyezi itatu." Mawu awo anakwera. "Inu ndinu obadwira kuno?"

"Eya."

"Amayi anu ali moyo? Azakhali anu? Simunaonepo mkazi atakhala m'nyumba momwe ndakhaliramu? Mwana aliyense mumsewu muno akhoza kukuuzani kuti ndi miyezi inayi ndi masiku khumi. Inu ndi sukulu yanu yonseyo munalemba itatu. Munaitenga kuti?"

"Ndi mmene amalembera anthu ena."

"Anthu ake ati? Akazi awo amatuluka liti?"

A Buba anayesa kulowererapo.

"Dija, mtima pansi. Zonse ndi za Mulungu."

"Achimwene, imfa ndi ya Mulungu, imeneyo ndailandira. Izi si za Mulungu. Izi ndi za anthu awiri, wina wa firiji, wina ali pamphasa yanuyo." Anapuma mwamphamvu. "A Tanimu, chinthu chanucho chisanafufute, chinamvetserako? Ngakhale pang'ono?"

"Ayi, Hajiya. Sichimvetsera."

"Chinatenga nthawi yaitali bwanji?"

Lipoti limalemba nthawi, ndiye ndinkadziwa. Ndinalakalaka ndikanapanda kudziwa.

"Masekondi anayi."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena akanandiponyera mbale. Katani inagwedezeka pang'ono, ndinaona zala zawo zitaigwira m'mphepete mwamphamvu.

"Amuna anga anayenda zaka khumi ndi zinayi. Anadwala malungo kumisasa kawiri. Nkhalamba zomwe anazijambula, zamoyo sizikwana zisanu. Ine ndakhala m'nyumba muno masiku zana, sindinapondeko ngakhale pageti, chifukwa ndikusunga lamulo. Abwana anu anandipatsa lamulo lawo, nalonso ndinalisunga, sindinakangane nawo. Inu nokha ndi amene simunathe kudikira."

"Pepani, Hajiya."

"Pepani wanuyo mupite naye. Abwana anu abwera liti?"

"Lolemba. Koma ine mwina simudzandipezako, ndathyola kabati yawo."

"Ayi, ndidzakupezani. Akakuchotsani mudzabwere ndithu tsiku limenelo, mudzaime pambali pawo. Ndatsala ndi masiku makumi atatu. Ndikadzatuluka, ulendo wanga woyamba si wa kumanda, si wa kwa abale. Ndidzabwera ku koleji kwanuko ndekha, monga ananenera. Mukawauze akonze pepala lija ndi cholembera. Ndidzasaina dzina langa lonse, pang'onopang'ono, anthu akuona. Ndikadzamaliza ndidzatambasula manja awa, ndipo ndikufuna ndidzaone chomwe awirinu mudzaikemo."

Mapazi aja anachoka kuseri kwa katani. A Buba anadikira kuti ndiimirire, kenako anapinda mphasa ndisanafike n'komwe pageti.